Chala Chobwereka

11 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moni, mungadzanene kuti sukulu inandichotsa ulemu. Muli bwanji? Bondo lija likukulolani kuyenda? Nanga mdzukulu wanu akudya, kapena akadali wosankha ngati mwana wa nduna? Ine kuno kudziko la eni ndilipo. Kudandaula ndi ntchito ya anthu amene ali ndi nthawi.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi wachipewa uja, pamodzi ndi envelopu. Muchotse kaye fizi ya mwana, yotsalayo mugule malata awiri a kukhitchini. Alamu asagwireko. Ndipo musandiuzenso kuti ndiziimba pa foni yawo. Foni imeneyo ili ndi makutu khumi. Ndikangonena kuti ndatsokomola, pofika madzulo msika wonse udzakhala utamva kuti andipima kale bokosi.

Ntchito ndi yomwe ija, kuchapa nsalu za m'mahotela: mashiti, mataulo, nsalu za patebulo. Ine ndimaima kumapeto kwa chimakina chosita, kulandira mashiti otentha ndi kupinda. Amayi, anthu olemera ndi auve. Zimene timapeza m'mashiti awo sindingalembe m'kalata imene mwana angaitole. Zaka zitatu ku yunivesite kuti ndidzadziwe zimene mabwana amasiya pabedi.

Mwezi uno atiikira kamakina pakhomo. Buku losainira analichotsa. Tsopano udinde chala polowa, udindenso potuluka. Kakayaka kobiriwira ndiye kuti wabwera. Kakayaka kofiira ndiye kuti kulibe, ngakhale utaima pomwepo ukupuma. Kujomba katatu pamwezi, ntchito yatha. Aliyense amalembetsa zala ziwiri kwa kapitawo. Akuti achita zimenezi chifukwa anthu ankasainirana. N'zoona, ankasainirana, ndipo ine ndinawauza pamaso kuti ndi umbava. Sanandikonde. Sindinabwere kudzakondedwa.

M'chipinda tilimo awiri tsopano, lendi inakwera. Amene ndapeza ndi mwana wa mayi wogulitsa makala uja, kuseri kwa chigayo kwanuko, wamkulu amene mwamuna anamuthawa. Kuno amamutchula Wailesi, ndipo batani lozimitsira silinapezeke. Amagwira ku mataulo. Chingerezi chake ndi mawu atatu, onse opepesa. Ine amanditchula "a Digiri". Ndinamuuza kuti digiriyo sindinamalize. Akuti, "Ngakhale theka, asisi. Ife tilibe ndi chivundikiro chake chomwe."

Kanthu kamodzi. Chala changa chamkombaphala cha kumanja chatupa kunsonga, m'mbali mwa chikhadabo, ndipo patuluka timatuza tachikasu. Ndi sopo wa kuntchito, kapena nthunzi. Si zoti mudandaule nazo. Ndatchula chifukwa zilembo zanga zapendama, ndipo ndikukudziwani, munganene kuti ndayamba mowa.

Mwana asalekerere masamu.

Ndine mwana wanu.

20 Epulo

Amayi,

Landirani moni. Kalata yanu yafika, ndipo ndakondwa kuti bondo laphwa ndiponso kuti mwana wakhala nambala folo. Mumufunse kuti atatu enawo ali ndi mitu ingati.

Ine ndili bwino kuyambira kumutu mpaka m'zigongono. Kupitirira pamenepo ndi nkhani ina.

Madzi amchere munanena aja ndinayesa. Ndinavina popanda ng'oma. Chikhadabo chinachoka chokha Lachitatu lapitali ndikuvula golovesi, chinatsalira m'kati ngati khoko la mtedza. Ndinachiyang'ana, ndinachitaya m'bini, ndinabwerera ku mashiti. Tsopano zala ndi zitatu. Zimayamba ndi kutentha ngati wagwira mbaula, kenaka timatuza tija timatuluka tambirimbiri, n'kulumikizana kukhala kadziwe ka mafinya pansi pa khungu. Kakauma, khungu limasupuka, pamatsala pofiira ponyezimira. Ukati zapola, zayambiranso pomwepo. Fungo la m'golovesi nthawi yoweruka, sindikufunirani.

Ku kiliniki nesi anandiyang'anira patali ngati ndabwera ndi njoka m'thumba. Anandipatsa makapisozi n'kundiyeza magazi. Inde, magazi ake omwewo. Ndilibe. Muwauze alamu, popeza ndamva kuti anayamba kale kupukusa mutu pampanda. Muwauzenso azakhali kuti si khate. Wakhate zala sizimva kuwawa, zanga zikumva ndi mphepo yomwe. Makapisozi ndamaliza, palibe chasintha.

Vuto ndi kamakina kaja. Chala choyamba kanachikana. Chachiwiri kanachilandira milungu iwiri, kenaka kofiira. Ndinapita kwa kapitawo kuti ndilembetse zala zina. Ndi bambo wonenepa, wosasiyana ndi kamtengo kotokosera m'mano. Nditavula golovesi, kamtengoko kanagwa.

"Ndi chiyani chimenecho?"

"Dzanja," ndinatero. "Inunso muli nalo."

Anatembenukira kukhoma n'kuti, "Ika, ika msanga, ukamaliza unene." Nditamaliza anapukuta kagalasi kawiri ndi spiriti. Tsopano pamzere wa m'mawa, kumbuyo kwanga kumatsala mpata woti n'kuimikapo galimoto. Kapu yanga ya tiyi wina anaimanga kansanza kofiira pa chogwirira. Akazi omwewa, amene amakumbatira mashiti a masanzi tsiku lonse, akunyansidwa ndi ine.

Wailesi yekha ndiye alibe nzeru zoopera. Amandimanga mabandeji uku akusimba za mwamuna wake wothawa, za ana ake atatu, za mtengo wa anyezi. Ndinamuuza kuti, "Ukatenga matendawa usadzandilirire." Akuti, "A Digiri, ine ndinasambitsa apongozi anga chaka chathunthu, uku akunditukwana ndi kundiluma. Inu mumangotukwana." Sindikudziwa chimene chikundichititsa mseru kwambiri, zalazi kapena kuthokoza munthu ameneyu m'mawa uliwonse.

Envelopu yaonda, mabandeji ndi magolovesi akudya nawo. Malata adikire. Fizi isadikire.

Mwana wanu.

1 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kuzizira sikunakuloweni m'bondo. Juzi ya mwana ili m'jumbo. Ndi yaikulu dala, avale zaka ziwiri, asakwinye nkhope.

Mwafunsa chifukwa chimene sindinalembere mwezi wathawu. Cholembera chimafuna zala. Lero ndachimangirira pa bandeji ndi labala, ndiye muwerenge modekha.

Zala zodwala zafika zisanu ndi ziwiri. Zatsala zitatu, zonse kumanzere, ndipo chimodzi chayamba kutentha. Kwa kapitawo ndapitako kanayi, khoma lija waliloweza. Chopweteka n'chakuti ngakhale chala chimene chapola kamakina sikachidziwa. Mizere ija inafufutika, pangosalala ngati sopo wotha. Ndimaima pamenepo ndi thupi langa lonse, kamakina n'kunena kuti palibe munthu. Mwezi wathawu kandijombetsa kawiri ndili pantchito tsiku lonse.

Ndinapita ku ofesi kwa mayi wolemba malipiro, amene timamutchula Zikhadabo chifukwa zake ndi zazitali, zopenta, zochita kugula. Ndinamulankhula Chingerezi chimene sankachiyembekezera kwa wopinda mashiti. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iye amalemba zimene kamakina kanena. Ndinamufunsa kuti nanga mashiti mazana anayi a Lachisanu anapinda ndi mzukwa? Akuti ndisamale kayankhulidwe. Kachitatu kakanakwana, bwenzi kalatayi ndikubweretsa ndekha, ndipo mwana akanamaliza temu ino pakhonde panu.

Pafupi ndi siteji ya basi pali bambo wina wogulitsa mawigi ndi mafuta oyeretsa khungu. Pansi pa tebulo amasungapo timapiritsi toyera. Ndikudziwa, Amayi. Ndinaphunzira mokwanira kuti ndizindikire kuti ndi uchitsiru, ndipo ndagula. Masiku asanu okha, mafinya ayamba kuuma. Nkhope yatupa ngati mwezi. Anthu akuti ndanenepa, kunja kukundiyanja. Koma mizere ya zala timapiritsi sitibweza.

Dzulo Wailesi akusenda mbatata anati, "Asisi, ine zala ndili nazo khumi. Kamakina kanatenga ziwiri. Zinazi zikungodya nawo."

Ndinati, "Ndiye?"

"Kapitawo uja mukavula golovesi amayang'ana kukhoma. Ine ndidzakhala ndakuperekezani, kukugwirirani chikwama. Chala ndi chala, kamakina sikadziwa kuti mwini wake anafika yunivesite."

Ndinamuuza kuti ine si mbava. Ndinamuuza kuti ndi khalidwe lomweli linatibweretsera kamakinako, ndiponso kuti ku yunivesite ndinachokako wopanda pepala koma sindinaberepo mayeso, pamene ena ankagula mamalikisi ndi zimene mukuzidziwa. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma. Kenaka anati, "Chabwino. Mbatata mudya zingati?"

Munthu wosakwiya amatopetsa.

Bambo a mwana akabweranso kudzafunsa kumene ndili, muwauze kuti ndinafa, ndipo maliro anayenda bwino popanda iwo.

Ndine mwana wanu.

6 Julayi

Amayi,

Moni. Ndili bwino, nanunso mukhale bwino. Ndilemba pang'ono, dalaivala akuliza hutala.

Envelopu ya ulendo uno ndi yokwana. Mwezi wa Juni sindinajombe ngakhale tsiku limodzi. Kamakina kakuyaka kobiriwira m'mawa ndi madzulo. Musandifunse. Ndingonena kuti masiku ano ine ndi Wailesi timanyamuka limodzi, kuima pamzere limodzi, iye patsogolo, ine nditamumatirira kumsana ngati nkhupakupa. Iye amadinda kawiri, ine ndimangotambasulira dzanja pamwamba. Mpata uja anthu amasiya kumbuyo kwanga wapeza ntchito.

Iye akachedwa kubafa, ndachedwa ndine. Akaima pamsika theka la ola kunenerera kabichi, ndimaima. Ine, amene ndinkakonza Chingerezi cha aphunzitsi anga. Wailesi ali ndi kachala kakang'ono kokhota, kumanzere. Ndimakayang'anitsitsa akamadula ndiwo, n'kumuuza kuti asamale mpeni. Amaseka. "Taonani, a Digiri ayamba kundikonda."

Mukadutsa kwa mayi ake muwagule makala, ngakhale muli nawo. Musanene chifukwa.

Bambo wa mawigi uja apolisi anamutenga, tebulo lake palibe. Timapiritsi tanditsalira ta masiku anayi. Mwina thupi laphunzira, lipitiriza lokha.

Mwana wanu.

14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndamva kuti mwakhala mukudikirira basi Loweruka lililonse, ndipo dalaivala wayamba kukubisalirani. Pepani. Muli bwanji inu ndi mwana? Ine ndili moyo, ndipo ulendo uno mawu amenewa si moni chabe.

Thupi silinaphunzire kanthu. Patatha sabata timapiritsi titatha, ndinayamba kunjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo. Khungu linafiira kuyambira m'khosi mpaka m'ntchafu, ndipo timatuza ta kuzala tija tinatuluka paliponse, m'khwapa, pamimba, pansi pa mabere. Ndikadzuka, nsalu inkadzuka nane. Wailesi anandibereka kumsana mpaka pamsewu. Madalaivala awiri anatikana. Wachitatu anayala makatoni pampando.

Ndagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri, pa diripi. Mashiti awo amapinda ndi munthu wopanda chikumbumtima.

Dokotala wa khungu ndi mayi wamfupi, waimvi. Ndi munthu woyamba wa yunifomu amene anatenga dzanja langa n'kulibweretsa pafupi ndi maso ake. Akuti matendawa ndi soriyasisi, koma mtundu wake wosowa, umene umayambira kunsonga za zala n'kudya zikhadabo. Akuti asilikali a m'thupi langa asokonezeka, akumenya khungu langa lomwe. Mafinyawa alibe tizilombo. Sapatsirana, Amayi. Munthu atha kudyera m'dzanja langa. Sopo amangowaputa, sanawabweretse ndi iye. Timapiritsi tija tinawagoneka, ndiye kutisiya mwadzidzidzi ndi kumene kunawadzutsa thupi lonse. Ndinafunsa kuti adzatha liti. Akuti satha. Amagona, amadzuka.

Tsiku lachitatu anandipempha kuti abwere ndi ophunzira ake, chifukwa ena adzakalamba pa udokotala osaonapo zoterezi. Ndinavomera, sindikudziwa chifukwa chake. Analowa asanu ndi anayi, makoti oyera, nsapato zatsopano, a msinkhu umene ndinali nawo pamene ndinkanyamula sutikesi kuchoka ku hositelo. Wina ankapumira m'kamwa. Wina ananong'oneza mnzake kuti, "Tachita mwayi." Dokotala anafunsa chifukwa chake mafinyawa makapisozi sawatha. Onse anayang'ana nsapato zawo. Ndinayankha ndine, ndili chigonere, m'Chingerezi. Anaseka ngati mbuzi yapereka moni.

Andipatsa mapiritsi omwa kamodzi pasabata, mafuta opaka, ndi tsiku loyezetsa magazi mwezi uliwonse. Andichenjeza kuti ndisatenge mimba ndili pamankhwalawa. Ndinawauza kuti phunziro limenelo ndinakhoza kale. Mizere ya zala akuti mwina sidzabwerera.

Tsopano za ntchito. Ife aganyu tilibe masiku odwala, wodwala ndi wojomba. Wailesi ankabwera madzulo aliwonse ndi nthochi. Tsiku lachiwiri anati, "Za kuntchito musadandaule, asisi. Kachala kanu kakupita tsiku lililonse, sikachedwa n'komwe." Akamaliza mataulo ankapinda mashiti anga nthawi ya nkhomaliro. Kapitawo sanafunse. Kusandiona kunali tchuthi kwa iye, ndipo mashiti ankatuluka.

Ndinayenera kumuletsa. Ndinatseka maso ngati ndagona.

Mwana musamuuze za chipatala. Mumuuze kuti basi inawonongeka.

Ndine mwana wanu.

4 Sepitembala

Amayi,

Moni kwa inu ndi kwa nambala thiri wathu. Mumuuze kuti ndamva, ndipo awiri atsalawo ayambe kuda nkhawa. Mafuta a bondo ali m'sokosi, musawagawire mpingo wonse.

Ndabwerera kuntchito. Mankhwala akugwira, mafinya auma, koma khungu lakale likuyoyoka ngati utoto wa nyumba ya boma. Pamene ndaima pamatsala gaga. M'khosi sindingavale golovesi, ndiye aliyense waona.

Akazi a ku mashiti analemba mayina awo papepala, khumi ndi anayi, kukapereka kwa Zikhadabo. Akuti sangadinde kamakina kamodzi ndi ine, ali ndi ana. Wotsogolera ndi mayi wina amene ndinamulembera kalata ya kukhoti chaka chatha osamulipiritsa. Zikhadabo anandiitana, n'kukankhira mpando wake kumbuyo mpaka unagunda kabati. Akuti ndibweretse kalata ya dokotala yonena kuti matendawa sapatsirana, apo ayi ndisadzaonekenso pageti.

Akufuna pepala? Ndawapezera pepala. Dokotala anafuna kulemba mizere iwiri. Ndinakana. Ndinati alembe zonse: dzina lonse la matenda, mankhwala, tsiku limene ndinagonekedwa ndi limene ndinatuluka, kuti adziwe kuti si mphere za kusasamba. Tsamba lathunthu, chidindo pansi. Mawu akuti sapatsirana alimo kawiri, ndipo ndawadula mzere kunsi. Ndaliwerenga kasanu. Chichokereni ku yunivesite, ndi pepala loyamba lokhala ndi dzina langa limene likunena zoona.

Wailesi analitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Zonsezi zikuti chiyani, asisi? Kuchuluka chonchi?" Ndinamuuza kuti zikunena zimene iye sangamve, alibweze asanalidetse ndi mafuta.

Lolemba ndikaliyala patebulo la Zikhadabo, pamaso pa khumi ndi anayi aja ngati n'kotheka. Ndikufuna ndidzaone amene adzayambe kuyang'ana pansi. Ndikatero ndikamasula kansanza kofiira kaja pa kapu yanga n'kukamupatsa mwini wake apukutire manyazi.

Mwana wanu.

28 Sepitembala

Amayi,

Muli bwanji? Ine musandifunse.

Kalatayi sinabwere ndi dalaivala. Amene wakupatsani ndi Wailesi, ndipo ndikudziwa kuti pamene mukuwerengamu wakhala pakhonde panu akukusimbirani za ulendo. Akuuzani kuti ntchito inatha chifukwa cha tsoka. Werengani kaye.

Lolemba lija ndinayala pepala patebulo. Zikhadabo anawerenga, n'kuvomereza kuti matenda sapatsirana. Ndinali nditayamba kale kuimirira. Kenaka chikhadabo chake chinaima pamzere wa masiku. Anayang'ana pepala, anayang'ana kompyuta, anayang'ananso pepala. Dokotala akuti ndinali pa diripi masiku khumi ndi awiri. Kamakina kakuti masiku omwewo ndinkalowa seveni koloko. Ndinawerenga pepala lija kasanu, Amayi, ine wa zaka zitatu ku yunivesite, osaona. Ndinali kalikiliki kudula mizere.

Anaitana bwana wamkulu. Ananditengera pakhomo, ndinadinda zala zonse khumi, zonse kofiira. Pamwamba pa chitseko pali kamera imene tonse tinkati ndi yakufa. Si yakufa. Inaonetsa amene ankadinda kawiri. Anaitana Wailesi kuchokera ku mataulo, analowa akupukuta manja pa epuloni.

Bwana anayamba ndi ine, m'Chingerezi. Akuti, kodi unkadziwa? Ndinaona fizi ya temu yamawa. Ndinaona mapiritsi a pasabata, amene kwanuko sindikudziwa ngati ndingawapeze. Ndinati, "Ndinali m'chipatala, ndikanadziwa bwanji?" Akuti, nanga chala chake chinalowa bwanji pa nambala yako? Ndinati mayiyu anabwera ndi maganizo amenewo, ine ndinakana. Zimenezo n'zoona, kalata muli nayo. Sindinanene za tsiku lotsatira kalatayo, pamene ndinamudzutsa ndekha kuti tiye kwa kapitawo. Ndinati manja anga anali m'mabandeji, iye ankandigwirira dzanja, ndipo ine ndinkayesa kuti kamakina kakuwerenga chala changa. Kapitawo ataitanidwa, poopa za iye mwini, anati eya, amakumbukira mayiyu akuyandikira kwambiri.

Kenaka bwana anatembenukira kwa Wailesi. Mu ofesi monse wodziwa zilankhulo zonse ziwiri ndinali ine. Anati ndimasulire.

Bwana anafunsa kuti, "Kodi mnzakoyu anakutuma?"

Ine ndinati, "Akufunsa ngati unkadinda ndiwe."

Wailesi anati, "Auzeni kuti eya, ndine. Koma auzeni bwinobwino, asisi, mwa sukulu muja. Kuti tinagwirizana chifukwa kamakina kankakukanani muli pantchito. Kuti mashiti anu ndinapinda, palibe chinatsala. Kuti tonse tili ndi ana. Atikhululukire tonse awiri."

Ndinatembenuka n'kunena kuti, "Akuti anachita yekha, ine sindinkadziwa. Akupepesa."

Wailesi ankagwedeza mutu pa liwu lililonse.

Anamuchotsa tsiku lomwelo. Ine anandidula masiku khumi ndi awiri, n'kundipatsa kakhadi kolowera, popeza ndili ndi kalata ya dokotala ndipo ndimatha kutchula malamulo. Kakhadi, Amayi. Kanali m'dirowa ya Zikhadabo nthawi yonseyi.

Titatuluka pageti anandigwira mkono. Anati, "Mwayesetsa, a Digiri. Ndakumvani mukundimenyera nkhondo, Chingerezi chonse chija. Bola mmodzi watsala." Ndinasanza m'ngalande. Anandisisita kumsana, akuti ndi mapiritsi.

Milungu itatu wayenda m'mageti onse, koma wochotsedwa chifukwa cha chinyengo samulemba. Madzulo ankabwera mapazi atatupa, n'kundipaka mafuta kumsana kumene sindifika. Ndinayesa katatu kumuuza. Kamwa ili, limene silinasowepo chonena kwa mphunzitsi, kwa nesi, kwa inu, linangofunsa ngati mchere watsala. Dzulo wamanga katundu. Anapempha yekha kuti atenge kalata, akuti dalaivala amapinda maenvelopu.

Khungu likupola. Adokotala akondwa. Akazi aja ayamba kundipatsa moni, ndipo ndimayankha.

Fizi ilimo yonse. Envelopu yachiwiri ndi ya ana ake. Ndikudziwa kuti si kanthu, musandiuze.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Musamulole anyamuke. Iye kuwerenga kumamuvuta, ndipo ndadalira zimenezo mokwanira. Mumukhazike pansi, mutumize mwana kwa alamu, mumuwerengere kalatayi kuyambira pamwamba, osadumpha mzere. Akamaliza kumva, chimene anene mundilembere. Mulembe mawu ake monga wawanenera. Musawakonze.

Ndine mwana wanu.